Momwe mungaphwanyire nambala yaikulu ndi kope ndi pensulo: tiyese 17,563,749

Mphwanga, mwana wa mlongo wanga, ali Fomu 3 ndipo amakhala nane kuno ku Chinamwali. Tsiku lina madzulo, magetsi atazima, anandipeza pakhonde n'kundifunsa kuti, "Malume, nambala ya mamiliyoni munthu angaidziwe bwanji kuti ndi prime popanda kompyuta?" Ndinamuuza kuti asankhe yekha nambala yoti tiyesere. Anatsegula kope lake natulutsa 17,563,749. Ichi ndi chiwerengero cha anthu m'Malawi muno chomwe chinapezeka pa kalembera wa mu 2018, ndipo amene anawerenga, a National Statistical Office, likulu lawo lili konkuno ku Zomba. Ndinati chabwino, imeneyi ndi nambala yakwathu, tiyambe nayo.

Zomwe tinachita usiku umenewo ndi Loweruka lotsatira ndi zomwe ndalemba apa, m'ndondomeko yomwe mungatsate pa nambala iliyonse. Mufunika kope, pensulo yokhala ndi chofufutira, ndi kakyuleta kapena foni. Mawu oyenera kuwadziwa poyamba ndi awiri. Factor ndi nambala yomwe imalowa mwa inzake popanda chotsala, monga 4 mu 12. Prime ndi nambala yoposa 1 yomwe ma factor ake ndi awiri okha, 1 ndi iyo yomwe, monga 2, 3, 5, 7, 11, 13. Nambala ina iliyonse yoposa 1 inamangidwa pochulukitsa ma prime, ndipo kamangidwe kake ndi kamodzi kokha. Ntchito yathu ndi kupeza njerwa zimenezo. Zikapezeka, mayina ena onse omwe akatswiri amapatsa nambala amabwera okha.

Yambani ndi kumchira

Lembani nambala yanu bwino, ndi makoma pa madijiti atatuatatu, kenako yang'anani dijiti yomaliza. Ikakhala 0, 2, 4, 6 kapena 8, ndiye kuti 2 akulowa. Ikakhala 0 kapena 5, akulowa ndi 5. Yathu ikuthera ndi 9, choncho onse awiri alephera, ndipo 2 akalephera atenga anzake onse: 4, 6, 8, 10, 12 ndi nambala iliyonse yogawika ndi 2 musaiyesenso. Apa ndiye kuti theka la ntchito lachoka musanagwire n'komwe kakyuleta.

Phatikizani madijiti

1 + 7 + 5 + 6 + 3 + 7 + 4 + 9 = 42. Ngati 3 akulowa mu zomwe mwapezazo, akulowanso mu nambala yonse. Chimodzimodzi 9. Mu 42, 3 akulowa ka 14, koma 9 akusiya 6. Choncho nambala yathu ikugawika ndi 3, osati ndi 9, ndipo funso la mphwanga layankhidwa kale: si prime.

Ana ambiri lamuloli amangoliloweza ngati nyimbo, osadziwa chifukwa chake, ndiye akafika m'mayeso amalisokoneza n'kuyamba kuligwiritsa ntchito pa 7. Ganizirani tomato wa mumsika waukulu wa Zomba ataunjikidwa khumikhumi. Mulu umodzi mukagawira anthu atatu, aliyense atenga atatu ndipo patsala mmodzi. Mulu wa 100 aliyense atenga 33, patsalanso mmodzi. Wa 1,000 chimodzimodzi. Ndiye mukakhala ndi milu 7 ya ma 100, zotsala ndi 7. Milu 4 ya makumi, zotsala 4. Kuphatikiza madijiti ndi kusonkhanitsa zotsala zonsezo m'lichero limodzi, n'kuona ngati nazonso zigawika. Pa 7 sizitheka chifukwa mulu wa khumi ukagawidwa kwa anthu 7 patsala atatu, osati mmodzi.

Mukapeza factor, gawani nthawi yomweyo kuti nambala ichepe: 17,563,749 ÷ 3 = 5,854,583. Yesaninso 3 pa yankholo, chifukwa prime mmodzi amatha kulowa kangapo. Madijiti a 5,854,583 akupereka 38, ndipo 3 salowa. Tathana naye.

Atatu pa ulendo umodzi: 7, 11 ndi 13

Iyi ndi njira yomwe ndimaikonda kuposa zonse. Imachokera pa mfundo yoti 7 × 11 × 13 = 1,001, nambala yoposa 1,000 ndi imodzi yokha. Dulani nambala yanu pa makoma aja: 17, 563, 749. Kuyambira kumanja, chotsani gulu lachiwiri ku loyamba, phatikizani lachitatu, ndipo ngati alipo ena pitirizani mosinthanasinthana: 749 − 563 + 17 = 203. Tsopano funsani 203 m'malo mwa nambala yonse ija. 7 akulowa ka 29 ndendende. 11 akusiya 5. 13 akusiya 8. Ndiye kuti mwa atatuwa, 7 yekha ndiye factor.

5,854,583 ÷ 7 = 836,369. Musanapitirire, bwererani pochulukitsa: 836,000 × 7 ndi 5,852,000, 369 × 7 ndi 2,583, pamodzi 5,854,583. Zagwirizana. Chizolowezi chobwererachi musachinyoze. Usiku umenewo, tikuwunikira ndi tochi ya pafoni, ndinakopera 836,396 m'malo mwa 836,369, ndipo ndinayamba kudabwa kuti 2 wabwerera bwanji pa nambala yomwe tinamukana kale. Anandigwira ndi mwana yemweyo: "Malume, mwatembenuza 6 ndi 9." Dijiti imodzi ikasokonekera pano, zonse zam'munsi ndi ntchito yotaya.

Yesaninso 7 pa 836,369. Magulu ndi awiri, ndipo popeza 369 ndi yaing'ono mutha kungotembenuza: 836 − 369 = 467, ndipo 7 salowa mu 467. Tatsala ndi fupa: 836,369.

Dziwani poimira musanayambe kuyenda

Apa ndi pomwe anthu amagwa ulesi, poganiza kuti ayesa nambala zonse mpaka 836,368. Ayi. Ma factor amayenda awiriawiri, ngati mizere ndi mapando m'munda. Muli ndi mbewu za mapando 36: mutha kupanga mizere 2 ya mapando 18, mizere 3 ya 12, mizere 4 ya 9, kapena mizere 6 ya 6. Mukadutsa pa 6, mwayamba kubwereza zomwezo chotembenuza, mizere 9 ya mapando 4. Pa awiri aliwonse, wamng'ono sapitirira square root ya nambalayo, ndiye kuti nambala yomwe ikachulukitsidwa ndi iyo yomwe imabweza nambalayo, monga 6 pa 36. Ndiye ngati simunapeze factor mpaka pa square root, kutsogolo kulibenso.

Pezani nambala ziwiri zotsatizana zomwe zikupana yanu pakati. 900 × 900 ndi 810,000, yachepa. 920 × 920 ndi 846,400, yapyola. Mukasendeza pang'onopang'ono mupeza 914 × 914 = 835,396 ndi 915 × 915 = 837,225. Malire athu ndi 914. Lembani nambala imeneyi pamwamba pa tsamba n'kuizunguliza.

Ngakhale pansi pa 914 simuyesa zonse, muyesa ma prime okha, chifukwa ngati 3 walephera, 9, 15 ndi 21 sangalowe. Ma prime osapitirira 914 alipo 156, womaliza ndi 911. Ngati mulibe mndandanda wake, upangeni ndi njira yomwe imatchedwa sefa ya Eratosthenes, Mgiriki yemwe ankayang'anira nyumba ya mabuku ku Alexandria zaka zoposa 2,200 zapitazo. Imagwira ntchito ngati sefa ya ufa. Lembani nambala kuyambira 2 mpaka 914. Siyani 2, fufutani zonse zomwe 2 akulowa. Siyani 3, fufutani zake. Pitani pa nambala yotsatira yomwe sinafufutidwe, chitani chimodzimodzi. Mukamaliza za 29 imani, popeza 31 × 31 ndi 961, yapyola kale 914. Zomwe zatsala pa sefa ndiwo ma prime. Kuti dzanja lisatope, musalembe n'komwe nambala zothera ndi 0, 2, 4, 5, 6 ndi 8, kupatula 2 ndi 5 eniakewo. Mndandanda umenewu usungeni kumapeto kwa kope, udzagwiranso ntchito.

Kukuntha

Tsopano gawani 836,369 ndi prime aliyense, kuyambira 17. Palibe njira yachidule pano, ndi kukuntha basi ngati wopuntha mpunga ku Chilwa. Ife tinagawana: mphwanga akudina kakyuleta, ine ndikuitana ma prime ndi kuchonga. Pa kakyuleta mukungoyang'ana ngati yankho latuluka lopanda kadontho. Koma chenjerani ndi mayankho oyandikira. 836,369 ÷ 61 imapereka 13,710.967, ndipo foni yomwe inatcheredwa kuti izifupikitsa mayankho ikhoza kukuonetsani 13,711 n'kukunamizani. Chulukitsani nokha: 61 × 13,711 = 836,371, yapyola ndi 2. Sanalowe. Enanso anafika pakhomo n'kubwerera: 17 anasiya 3, 47 anasiya 4, 139 ndi 547 anasiya 6 aliyense. Mu masamu awa kutsala pang'ono ndi kulephera ndithu.

Tinayamba titamwa tiyi, tinafika pa 911 nsima ya masana ili pamoto. 911 × 918 = 836,298, chotsala 71. Palibe analowa. Choncho 836,369 ndi prime, ndipo nambala yathu yaphwanyika motere:

17,563,749 = 3 × 7 × 836,369

Amene muli ndi kompyuta kuntchito, Excel ichita izi m'kanthawi kochepa. Ikani ma prime mu mzere A, pambali pake lembani =MOD(836369,A1) n'kukokera pansi, kenako fufuzani ngati pali 0, popeza MOD imapereka chotsala. Komabe ndimalangiza kuti kamodzi kokha munthu achite pamanja. Mwana amene wakuntha ma prime onsewo ndi chala chake saiwalanso chifukwa choimira pa square root, ndipo mafunso a HCF ndi LCM omwe a MANEB amafunsa amawaona ngati masewera.

Werengani ma factor osawalemba

Lembani prime aliyense ndi kuchuluka kwa maulendo omwe walowa. Kwathu 3 walowa kamodzi, 7 kamodzi, 836,369 kamodzi. Wonjezerani 1 pa ulendo uliwonse n'kuchulukitsa: 2 × 2 × 2 = 8. Chifukwa chake n'chapafupi. Popanga factor, prime aliyense mutha kumutenga kapena kumusiya, njira ziwiri, ndipo ma prime ndi atatu. Ma factor asanu ndi atatuwo ndi awa: 1, 3, 7, 21, 836,369, 2,509,107, 5,854,583 ndi 17,563,749.

Taonani mpata womwe uli pakati pa 21 ndi 836,369. Tanthauzo lake n'loti Amalawi onse a mu 2018 akanatha kuima m'magulu ofanana atatu, asanu ndi awiri kapena 21, koma kuchoka apo palibenso mpaka magulu 836,369 a anthu 21. M'maboma 28 a dziko lino sakanagawika mofanana: boma lililonse likanalandira 627,276 ndipo anthu 21 akanatsala panja.

Nambala yomangidwa ndi ma prime atatu osiyana, aliyense kamodzi, akatswiri amaitcha sphenic. Yaing'ono kwambiri ndi 30, yomwe ndi 2 × 3 × 5. Zonse za mtundu umenewu zili ndi ma factor asanu ndi atatu. Yathu ilinso m'gulu la square-free, kutanthauza kuti palibe prime yemwe walowa kawiri.

Yoperewera, yosefukira kapena yokwanira

Kagawidwe aka n'kakale. Nicomachus wa ku Gerasa anakalemba cha m'ma 100 AD. Phatikizani ma factor onse kupatula nambala yeniyeniyo. Zikachepera nambalayo, ndi yoperewera, deficient. Zikapitirira, ndi yosefukira, abundant. Zikafanana nayo ndendende, ndi yokwanira, perfect.

Kwathu: 1 + 3 + 7 + 21 + 836,369 + 2,509,107 + 5,854,583 = 9,200,091. Yachepa kutali ndi 17,563,749, choncho ndi yoperewera. Ma factor akachuluka, kuphatikiza mmodzimmodzi kumatopetsa, ndiye gwiritsani njira iyi: pa prime aliyense phatikizani 1 ndi iye, n'kuchulukitsa zotsatira zake. 4 × 8 × 836,370 = 26,763,840. Chotsani nambala yeniyeniyo, mutsala ndi 9,200,091 yomwe ija. Njira ziwiri zikakumana chonchi, mtima umakhala pansi.

Zokwanira n'zosowa kwambiri: 6, 28, 496, 8,128, kenako kulumpha mpaka 33,550,336. Inde, 28 ya maboma athu ija ili momwemo, popeza 1 + 2 + 4 + 7 + 14 = 28. Zonse zomwe zapezeka mpaka lero ndi zogawika ndi 2.

Kuti muone mbali inayo, tengani chiwerengero cha chigawo cha kumpoto pa kalembera yemweyo, 2,289,780. Iyi ndi nambala yofewa. Ikuthera ndi 0, ndiye 2 ndi 5 alowa. Madijiti awiri omaliza ndi 80, ndipo 4 akalowa mu awiri omalizawo walowa monse. Madijiti ake akupereka 36, ndiye 9 walowa. 4 × 9 × 5 = 180, ndipo 2,289,780 ÷ 180 = 12,721. Malire ake ndi 112, chifukwa 113 × 113 ndi 12,769. Mukayesa ma prime mpaka 109 mupeza kuti palibe akulowa, ngakhale 53 anatsala pang'ono, anasiya 1. Choncho 2,289,780 = 2 × 2 × 3 × 3 × 5 × 12,721. Apa 2 ndi 3 alowa kawirikawiri, ndiye ma factor ndi 3 × 3 × 2 × 2 = 36. Pophatikiza, prime wolowa kawiri mumamutenga mpaka pamwamba: 1 + 2 + 4 = 7, ndi 1 + 3 + 9 = 13. Ndiye 7 × 13 × 6 × 12,722 = 6,946,212, kuchotsa 2,289,780 kutsala 4,656,432. Yasefukira kuposa kawiri. Kunena zoona simunafunike kuwerengera zonsezi kuti mudziwe gulu lake: nambala iliyonse yoposa 6 yomwe 6 akulowamo ndi yosefukira, chifukwa theka lake, gawo lake lachitatu ndi lachisanu n'chimodzi zikaphatikizidwa zakwana kale nambalayo, ndipo 1 akangowonjezeka yapyola.

Kodi ndi square?

Square ndi nambala yomwe imatuluka pochulukitsa nambala ndi iyo yomwe, monga 49 kapena 144. Square siithera ndi 2, 3, 7 kapena 8. Yathu ikuthera ndi 49, ndipo mphwanga analumpha kuti yapezeka, si 7 × 7 uyu? Mchira umangokuuzani kuti mwina. Pitirizani kuphatikiza madijiti mpaka itsale imodzi: 42, kenako 4 + 2 = 6. Mukaphatikiza chonchi, square imapereka 1, 4, 7 kapena 9 basi, ndiye 6 wakana. Ma prime aja akuvomereza, popeza mu square prime aliyense amalowa kawiri, kanayi, kasanu n'kamodzi, osati kamodzi. Nambala yathu yakhala pakati pa 4,190 × 4,190 = 17,556,100 ndi 4,191 × 4,191 = 17,564,481.

Palinso nambala za triangular, zomwe zimatuluka mukaunjika zinthu ngati malalanje pa benchi, limodzi pamwamba, awiri, atatu, kumapita pansi: 1, 3, 6, 10, 15. Poyesa, chulukitsani nambala yanu ndi 8, wonjezerani 1, muone ngati yatuluka square. 17,563,749 × 8 + 1 = 140,509,993. Ikuthera ndi 3, nkhani yathera pomwepo. Kakyuleta wa pagolosale wa madijiti asanu ndi atatu apa amangolemba E, chifukwa yankho lili ndi madijiti asanu ndi anayi. Chitani pa pepala.

Za Harshad sizichedwa. Dzinali anapereka ndi D. R. Kaprekar, mphunzitsi wa ku India, kwa nambala zomwe zimagawika ndi chiphatikizo cha madijiti ake. Yathu inapereka 42, yemwe ndi 2 × 3 × 7. Ili ndi 3, ili ndi 7, yasowa 2 yekha. Si Harshad. Ya kumpoto ija ndi Harshad: 2,289,780 ÷ 36 = 63,605.

Momwe kompyuta imaionera

Kompyuta imasunga nambala mu binary, ma 0 ndi ma 1 okhaokha. M'makalasi amaphunzitsa kugawa ndi 2 mobwerezabwereza, koma pa nambala yaikulu ine ndimaona kuti kuchotsera kumafulumira. Lembani 1, 2, 4, 8, 16, kumawirikiza mpaka mupyole nambala yanu. Tengani yaikulu yomwe ikukwana, 16,777,216, ichotseni: kutsala 786,533. Chotsani 524,288, kutsala 262,245. Chotsani 262,144, kutsala 101. Ndipo 101 ndi 64 + 32 + 4 + 1. Pa mndandanda wanu ikani 1 pomwe mwatenga, 0 pomwe mwadumpha, kuyambira ku yaikulu:

1000011000000000001100101

Madijiti 25, ma 1 asanu ndi awiri. Dziko lonse lakwana pa mzere umodzi wa kope.

Pomwe pensulo imalekezera

Njira yoyesa prime mmodzimmodziyi ndi yabwino pa nambala za mamiliyoni. Nambala ikakula ndi madijiti awiri, malire ake amakula kakhumi, ndiye ya madijiti 20 singatheke pamanja ngakhale mutaitana sukulu yonse. Kuvuta kumeneku ndiko kumateteza zambiri pa intaneti: njira yobisira uthenga ya RSA, ya mu 1977, imadalira kuti kuchulukitsa ma prime awiri aakulu n'kosavuta, koma kuwapezanso kuchokera pa yankho ndi phiri. Ofufuza ma prime akuluakulu amagwiritsa njira zina. Mu Okutobala 2024 gulu la GIMPS, la anthu ofufuza ma prime ndi makompyuta awo, linalengeza prime wa madijiti 41,024,320, yemwe amapezeka mukachulukitsa ma 2 okwana 136,279,841 n'kuchotsa 1. Ameneyo m'kope la masamba 80 sangakwane.

Mphwanga ndamusiyira ya chigawo chathu cha kumwera, 7,750,629, ndipo inunso mutha kuyamba nayo. Madijiti ake akupereka 36, ndiye 9 akulowa, kutsala 861,181. Pa magulu, 861 − 181 = 680, ndipo 7, 11 ndi 13 onse akana. Samalani poika malire: 928 × 928 ndi 861,184, yapyola ndi 3 yokha, choncho malire ndi 927 ndipo pa mndandanda wanu uja muwonjezerepo prime mmodzi, 919. Yambirani pa 17.